Mirriam Analira Pakhomo pa Eni ku Japan

Amene akunena kuti Mirriam Chimbalanga anatichititsa manyazi ku Japan abwere adzanene pamaso panga. Ine ndimakhala naye nyumba imodzi kuno ku Scarborough, mu Toronto, ndimamudziwa. Ndi mayi wa ku Ntcheu, wojintcha, wa mawu ngati kondakitala. Akamayankha foni m'basi, mpaka dalaivala amadziwa kuti mbuzi za kwawo zaswa. Ntchito yake ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo: kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza, zonse amachita akuimba nyimbo za Mvano.

Amene wakhala nawo nthawi yaitali ndi agogo Fumie a ku Markham, mayi wa ku Japan amene anabwera kuno ali mtsikana. Munthu wochepa thupi, waukhondo, wodana ndi phokoso. Mmene awiriwa anagwirizanirana akudziwa ndi Mulungu.

Nthawi ya mliri ija, mng'ono wawo wa agogo, dzina lake Chiyo, anamwalira ku Japan. Ndege kunalibe. Agogo anamva uthenga pafoni, anagwedeza mutu, n'kupempha tiyi. Misozi ayi. Zaka zinadutsa, kenako chaka chatha anangoyamba kukana chakudya. Mirriam akabweretsa mpunga, iwo kukankha. Mphete inayamba kuvuka yokha pachala. Adokotala anati zikapitirira awagoneka m'chipatala, azidyera pa chubu cha m'mphuno.

"Mayiwa sakudwala," Mirriam anauza mwana wawo wamwamuna, bambo wa mu ofesi wobadwira konkuno. "Maliro awakhala pakhosi. Munthu angameze bwanji? Apite kwawo akaone pamene anasiyira m'bale wawo."

Bamboyo anavomera, koma anati Mirriam apite nawo, chifukwa agogo satsegula pakamwa supuni ikakhala ya munthu wina. Anamuphunzitsa zonse: kuvula nsapato pakhomo, kuwerama popereka moni, kulandira chinthu ndi manja awiri. Mirriam anaseka. "Zimenezo n'zakwathu, bambo. Mukuphunzitsa nsomba kusambira?" Anamuuzanso kuti anthu akumeneko amakonda bata. Iye anati wamva.

Tauniyo dzina lake sinditchula, lilime lingandipindike. Mirriam akuti ndi yakalekale, ili m'mbali mwa mtsinje. Nyumba zamatabwa akuda zothithikana, misewu yamiyala yopapatiza moti galimoto siilowa, masitepe otsikira kumadzi, mlatho wofiira. M'ngalande zodutsa pamakomo muli nsomba zonenepa, zamawangamawanga, zikungoyenda mwaulesi, popanda woziwedza. "Ndinati aa, anthu awa ngokhuta!" akutero Mirriam. Ndipo kuli zii, umamva madzi okha.

Anayenda mumsewumo Mirriam akukankha agogo pachikuku. Atakhota, mwana wa agogo uja analoza nyumba ina nati, "Kwa malemu ndi apo."

Tsono inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Ukamapita kukapepesa maliro, ngakhale papite zaka, sufika pakhomo maso ali gwa ngati wabwera kudzabwereka mchere. Umayambira kunjira, eni amve kuti kwabwera wachibale. Mirriam anaimika chikuku, anasolola chitenje m'chikwama, n'kumanga m'chiuno. Kenako anayika manja kumutu.

"Mayo ine! Mayi wanga inee!"

Mbalame zinabalalika padenga. Mawindo anatseguka limodzilimodzi, mitu yaimvi ili suzu. Bambo wina wogulitsa makeke a mpunga anatuluka m'sitolo akuganiza kuti munthu wagwera mumtsinje. Mwana wa agogo anafiira nkhope. "Mirriam, chonde, chonde," anatero monong'ona, uku akuweramira aliyense kupepesa.

Mirriam akuvomera yekha kuti anaona kuti waphonya. Anafuna kuleka, koma kulira kunakana. Pajatu mliri womwewo unatenganso mayi ake ku Ntcheu. Anaonera maliro pafoni ataima pa siteji ya basi m'chisanu, bokosi litatsika anaika foni m'thumba n'kupita ku shifiti. Ine ndinali naye m'nyumba masiku amenewo, ndipo sindinamuonepo akulira. Zinkandiopsa. Ndiye pamsewu wa eni uja, "mayi wanga" ameneyo sanali wamwambo chabe.

Ali mkati molira anamva chitenje chikukokedwa. Anali agogo Fumie, atachigwira zolimba ndi timanja tawo. Kenako kunatuluka kamawu kakang'ono, "Chiyo... Chiyo..." Analira mayi uja mpaka chikuku kugwedezeka. Mwana wamkazi wa malemu, amene anaima pakhomo kudikira alendo mwaulemu wake wonse, anatsikira pamiyala ndi masokosi okha, kwa anthu amene sasakaniza za panja ndi za m'nyumba. Anagwada, n'kuika mutu pamiyendo ya agogo. Mawindo aja anatsekeka pang'onopang'ono.

M'nyumbamo munali kabati kakang'ono kokhala ndi chithunzi cha malemu, pomwe amayatsa lubani ndi kuikapo kambale ka mpunga. Agogo anayatsa kamtengo kamodzi ka lubani. Atatero anatembenuka n'kufunsa Mirriam, "Mayi ako dzina lawo ndani?" Mirriam akuti, "Ine ndine wa Mvano, za lubani sindipanga nawo. Koma dzina ndinawauza." Agogo analitchula mopotoza, Nachisale, n'kuyatsa kachiwiri.

Nkhaniyi anaifotokoza yekha Mirriam titaweruka kutchalitchi, akudziseka. Ndi pomwe Cynthia, Mmalawi mnzathu wa kutchalitchiko, ndi anzake anayamba zoti wationetsa uchimidzi kwa anthu otukuka. Zimandipsetsa mtima! Iwowo maliro angati aonera pafoni n'kumeza? Ndi angati mwa ife akuyenda mu Toronto muno pakhosi pali potupa?

Madzulo a tsiku analira ku Japan lija, eni nyumba anabweretsa mpunga, msuzi ndi nsomba yamumtsinje yootcha ndi mchere. Mirriam anatenga supuni monga mwa masiku onse, mtima uli m'mwamba. Agogo anamukankha dzanja. Anatola okha timitengo todyera, anasadzula nsomba, n'kudya mpaka mbale kuyera. Mwana wawo anangoti kukamwa yasa.

Atapukuta pakamwa anayang'ana Mirriam. "Mawa tiwoloka mlatho," anatero. "Tsidya linalo kuli manda a mayi ndi bambo anga. Usaiwale nsalu yako ija."