Shuga wa pamfundo ya chitenje

Kapu ija inali yachitsulo, yoyera, yokhala ndi mzera umene nesi anaukanda ndi msomali m'kati mwake. Mpunga wanga sunkayenera kupitirira mzerawo. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo panali patangotha miyezi iwiri chindipezere matenda a shuga.

Kamodzi pa mwezi ine ndi amama tinkakwera basi kuchoka ku Mlare kupita kuchipatala cha kuboma. Nesi, mayi wa kumwera, ankatikhazika pakhonde pamodzi ndi amayi ena anayi ndi ana awo, n'kuyala zakudya pamphasa: nthochi zaziwisi, nyemba, usipa, chinangwa, mango akupsa onunkhira mpaka ine kumeza malovu. Ankaloza chimodzichimodzi, ichi adye, ichi pang'ono, ichi ayi. Chichewa chake chinali chothamanga. Amama, amene anakulira m'Chitumbuka, ankatola mawu ngati munthu wosankha timiyala mumpunga.

"Akabayidwa jekeseni adye pa nthawi yake," anatero nesi tsiku lina. "Akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, m'patseni shuga msanga."

"Shuga ndiye nthenda," anatero amama. "Akhala bwanji mankhwala?"

Amayi ena anaseka. Nesi sanaseke. Anawauza amama kuti abwereze mawu aja katatu.

Nyengo yotentha chaka chimenecho kunamveka kuti kubwera alendo akuluakulu a chipani. Ana asukulu tinkaguba pabwalo kuyambira m'mawa, amayi akuyeserera magule kutsidya kwa bwalolo. Anyamata a chipani a malaya ofiira ankazungulira ndi timitengo. Palibe ankachoka pamzere. Masiku ano ndimawamvetsa aphunzitsi athu: nawonso anali ndi ana awo kunyumba.

Tsiku lachitatu nthawi yanga yakudya inakwana tili pakati pa nyimbo. Mbatata yanga inali m'chikwama pansi pa mtengo. Ndinakweza dzanja.

"Dikira timalize," ananong'ona aphunzitsi, maso ali kwa anyamata aja.

Ndimakumbukira fumbi m'mano, ng'oma ikumveka ngati ili pansi pa madzi, thukuta lozizira kumsana dzuwa likuswa mtengo. Mawondo anayamba kugundana. Kenako ndinaona chitenje chimodzi chikuchoka pamzere wa amayi, chikudula bwalo pakati penipeni. Ng'oma inasiya.

Amama anagwada, namasula ndi mano mfundo ya pangodya ya chitenje chawo, chimene chinali ndi nkhope ya mtsogoleri. Munali shuga wonyowa ndi thukuta. Anandipaka m'kamwa ndi chala, kawiri, katatu.

"Ndani wakulolani kuchoka pamzere?" Anali wapampando wa chipani m'dera lathu.

Amama sanadzutse mutu. Anayankha ndi mawu a nesi, mmene anawaloweza, m'Chichewa chawo chopunduka: "Akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, m'patseni shuga msanga."

"Ndipo nsalu imeneyi mwaisandutsa thumba?"

Amama anawatenga kupita nawo ku ofesi ya chipani. Ine anandinyamula asibweni, mlongo wa amama, pa njinga yawo. Njira yonse ine ndinkanyambita milomo, poti miyezi iwiri ndinali ndisanalaweko chotsekemera.

Amama anabwera dzuwa litapendeka, alibe chilonda. Anati awauza kuti adzawaitananso. Mawa lake anaitana asibweni, n'kuyamba kuwaphunzitsa kuwiritsa jekeseni, kutsina khungu la pantchafu yanga, ndi nthawi zonse zimene ndinkayenera kudya. Singano ya asibweni inkapweteka kuposa ya amama. Galimoto ikamveka kumsewu, onse awiri ankaima chilili mpaka itadutsa.

A chipani sanawaitanenso amama. Koma milungu yonse ija ine ndinkalira m'mawa uliwonse, n'kumakana kuwayang'ana amama. Ndinkaganiza kuti andipereka kwa asibweni chifukwa atopa nane.