Nkhope ya Amalume pa Loji

Ntchito ya pa risepushoni pa loji ina ku Nkopola anandipezera ndi amalume. Iwo anali weta pamalopo kuyambira ine ndisanamere mano, ndipo bambo atamwalira, mathireyi omwewo ndi amene anandiphunzitsa sukulu. Kumudzi kwathu mukafunsa munthu wofatsa, aliyense amaloza khomo lawo. Banja likayambana amakaitana iwo. Ngakhale mbuzi zikawadyera chinangwa, amazipirikitsa ngati akuzipepesa.

Chaka china loji inagulidwa ndi mzungu wina, mayi wothamanga magazi, woyenda ndi foni m'manja ngati inamera momwemo. Tsiku lina m'mawa anandiitana mu ofesi. Nditalowa ndinapeza amalume ataima pakona, manja ali kumbuyo. Chingerezi chawo chinali cha patebulo basi, cha tiyi, khofi ndi chambo, ndiye ine anandiitanira kumasulira.

Mayiyo anayamba kuwerenga pafoni zimene alendo analemba pa intaneti atachoka. Chakudya anachiyamikira, zipinda anaziyamikira, koma weta wachikulire uja ayi. Wina analemba kuti ndi "grumpy". Wina anati "moody". Wachitatu, amene ndikukhulupirira kuti anachita kutsegula dikishonale, anati "surly".

Mawuwo ndinkawadziwa bwino. Tinawaloweza ku sekondale, ndipo tinkajedera nawo aphunzitsi a masamu. Sindinalotepo kuti tsiku lina ndidzawanyamula ndi pakamwa panga kupita nawo kwa munthu amene anandilera. Amalume olunda? Amalume amsunamo? Amalume ake ati?

"Muuze," anatero mayiyo m'Chingerezi.

Ndinatembenukira kwa amalume. "Amalume, akuti alendo ena akuona ngati mumakhala otopa."

Mayiyo sankamva Chichewa, koma sanali wopusa. Anaona kuti iye wayenda ulendo wautali, ine ndadulira pachidule. Anati ndinene zonse, osasiyako kanthu. Amalume nawonso anali atazindikira.

"Nena, mwanangu," anatero. "Walemba si iwe."

Ndinanena, maso ali pa simenti. Ndinati akuti ndinu olunda. Akuti muli ndi msunamo, lero bwino mawa ayi. Akuti nkhope yanu imakhala ngati mwakwiyira munthu, simuyang'ana mlendo kumaso, simumwetulira, mumangoika mbale n'kuchoka. Liwu lililonse linkandiwotcha lilime. Chibadwire ndinali ndisanawauzepo amalume ngakhale zoti malaya awo ada.

Amalume anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa pang'onopang'ono, osati mokwiya, koma modabwa zenizeni.

"Ndiye akufuna ndiziwayang'ana m'maso? Mlendo? Munthu akudya, ine n'kumuimirira mano ali pamtunda ngati ndikufuna andigawireko? Kwathu amachita zimenezo ndi mwana wosalangizidwa."

Apo m'pamene ndinamvetsa, ndipo kumvetsako kunandiopsa kuposa mawu aja. Zonse zimene alendo anadandaula zinali ulemu womwewo umene amalume anatiphunzitsa ife kunyumba: chakudya umapereka ndi manja awiri, maso pansi, n'kubwerera m'mbuyo kuti munthu adye momasuka. Komanso ena mwa alendowo anabwera mwezi wa Ramadani, amalume akusala kudya ndi kumwa, akunyamula chambo chowotcha dzuwa lili paliwombo, kukhosi kuli gwa. Zaka zonsezi iwo ankapereka ulemu wawo wonse, kumbali inayo anthu akulandira chipongwe, ndipo panalibe anawauzapo.

Ndinayesa kumufotokozera mayiyo. Anamvetsera, anagwedeza mutu, anati n'zosangalatsa kudziwa. Kenako anati alendo salipira kuti adzaphunzire mwambo wathu, ndipo ngati nkhope sisintha pofika kumapeto a mwezi, pageti pali anyamata ambirimbiri ofuna ntchito. Zimenezonso ndinamasulira ndine. Kunyumba kwa amalume kunali ana a sukulu, ndipo pa msinkhu wawowo panalibe akanawalemba ntchito kwina.

Ine ndinkaganiza kuti asiya okha, avule yunifomu n'kuipachika pakhomo pa ofesi. Ndinali nditayamba kale kukwiya m'malo mwawo. Kunena zoona, sabata imeneyo ndinakalipira aliyense, woyeretsa, mlonda, mpaka mphaka wa kukhitchini. Ngati panali munthu woyenera mawu atatu aja pa lojipo, ndinali ine.

Loweruka masana ndikudutsa ndi makiyi a zipinda pafupi ndi malo odyera, ndinamva mawu okweza akuti, "Enjoy, my friends!" Ndinacheuka kuti ndione mnyamata watsopano amene amulemba. Anali amalume. Anali ataimirira alendo anayi, maso ali pa iwo, mano onse ali pamtunda, chibwano chikuchita kunjenjemera. Mlendo wina anawamenya paphewa ngati mnzake wa kumpira, iwo n'kuseka. Mtsikana wina wa msinkhu wanga anawauza kuti awerame pang'ono awajambule, n'kuweramadi. Makiyi anandipulumuka m'manja.

Phokoso la makiyiwo linawacheutsa. Atandiona, kumwetulira kuja kunazima nthawi yomweyo ngati magetsi a kuno. Ananyamula thireyi yawo n'kulowa kukhitchini, ine n'kutola makiyi anga. Za zimenezi sitinakambirane, tsiku limenelo kapena mawa lake.

Mwezi utatha, mayi uja anandiitananso, ulendo uno ndekha. Anandionetsa foni mokondwa. Alendo tsopano ankalemba kuti weta wachikulire ndiye wansangala kuposa onse, ndipo ena ankafunsa za iwo asanafike n'komwe. Anati ndikawauze kuti ntchito yawo ili bwino. Ndinagwedeza mutu n'kubwerera ku risepushoni.

Tsiku limenelo tinaweruka limodzi, n'kukaima m'mbali mwa msewu kudikira minibasi. Ndinawauza uthengawo monga ndinaulandirira. Anangoyamika Mulungu kuti, "Alihamudulila." Minibasi ina inadutsa itadzaza, kondakitala akulendewera pachitseko. Kenako amalume anakonza kukhosi, osandiyang'ana.

"Mwanangu, ndikupemphe chinthu chimodzi. Ukaona ndanyamula thireyi, uziyang'ana kumbali."