Zipanda za Ababa

Ndinali ndisanamalize Sitandade 4 chaka chomwe mapira anatichita chipongwe kwathu ku Utale. Nthawi imeneyo ababa ankachita geni ya matemba. Ankapalasa njinga mpaka kunyanja ya Chiuta, kadi ya chipani ili m'thumba la malaya, n'kubwerako akununkha nsomba ndi utsi. Koma chomwe ankakonda kwenikweni chinali mbewu. Akangoona munda wabwino m'njira, kaya kwa Kawinga kaya kuti, ankatsika n'kupempha kadzanja kamodzi.

Akafika pakhomo, mbewuyo ankaithira m'chipanda chakechake n'kuitcha dzina la munthu amene wawapatsa. Panali Che Bwanali, panali Abiti Juma, panalinso wina ankangomuti Mphunzitsi. Zipandazo zinkalendewera kutsindwi la khitchini, zonse zakuda bii ndi mwaye, zopanda chizindikiro chilichonse. Ine ndinkasangalala nazo zedi. Ababa akamaziloza n'kumazitchula, zinkakhala ngati alendo adzaza nyumba.

Amayi okha ndi amene sankaseka. "Inu abambo ake Asiyatu, mayina amenewa akuwadziwa ndani kupatula inuyo?"

"Nanga ine ndikupita kuti?" ankayankha choncho, uku akundipsinyira diso.

Chaka chimenecho chimanga cha m'nkhokwe chinali chochepa. Chiyembekezo chathu chonse chinali pa mapira ocha msanga, oti atiwolotse mwezi wa njala. Ponyamuka ulendo wa kunyanja ababa anati, "Mvula ikakupezani ndisanabwere, mudzale Che Bwanali." Ananena atakwera kale njinga, ndipo palibe anaganiza zowafunsa kuti Che Bwanaliyo ndi uti.

Mvula inabweradi msanga, yamphamvu. Mitsinje inadzaza, ababa anatsekeredwa tsidya linalo. Ine ndi amayi tinatsitsa zipanda zonse n'kuzindandalika pamphasa. Zamapira zinalipo zingapo, njere zake zofanana ngati ana a mimba imodzi. Amayi ananunkhiza, analuma, anayang'anira padzuwa.

"Iwe Asiyatu, si unkakhala nawo iweyo? Che Bwanali ndi uti?"

Mayo ine! Mayina ndinkawaimba ngati nyimbo, koma nkhope zake ayi. Amayi anasankha chipanda cholemera kuposa zinzake, poganiza kuti chokondedwa ndiye chimasungidwa chambiri. Tinadzala munda wonse.

Ababa atafika, mbewu zinali zitamera bwino, ndipo iwonso sanazindikire kanthu. Zinadziwika mochedwa, mapira atatalika kupitirira mutu wa munthu osatulutsa ngala. Anali a Mphunzitsi, mtundu wochedwa kucha. Tinadya gaga, tinadya mango aawisi owiritsa, mng'ono wanga ankalira ndi m'mimba. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'choti ababa ankanamizira kukhuta. Ankangotsina pang'ono, n'kukankhira mbale kwa ife, amvekere, "Ndadya kale kwa anzanga." Anzawo ati, mudzi wonse uli pa njala?

Titakolola, anatsitsa zipanda zija okha. Pakhosi pa chilichonse anamangirira ngala kapena khoko la mbewu yomwe inali m'katimo, n'kuziika zonse m'dengu limodzi lalikulu. Kenako anaitana amayi. "Make Asiyatu, tandipatseni ocha msanga." Amayi anatola osafunsa munthu, ndipo ababa anangogwedeza mutu.

Lero ndimalemba mapulogalamu a kompyuta. Achinyamata amene ndimagwira nawo ntchito amakonda kanzeru kena: pulogalamu izitenga mawu amene yawapeza pamndandanda, lililonse n'kulisandutsa dzina la kabokosi katsopano kosungiramo zinthu. Zimatheka ndithu, ndipo zimaoneka zaukatswiri. Koma wobwera pambuyo sadziwa kuti timabokosito tilipo tingati, kapena kuti aitane dzina liti. Ine ndimakana. Ndimati zonse zikhale malo amodzi, chilichonse ndi chizindikiro chake pakhosi. Amati mayi ameneyu ngwovuta, ndipo sinditsutsa. Iwowo sanaonepo munthu wamkulu akunama kuti wakhuta chifukwa cha dzina lomwe ankalidziwa yekha.