Ankanditchula Kuti Iwe

Matipate atangobwera, aliyense kwathu kuno anasanduka wageni, ndipo ine sindinatsale. Ndinkaoda mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kumadzagulitsa m'mbali mwa msewu pa Nsipe. Geni imeneyo ilibe chisoni, abale. Umachoka nkhuku zisanatuluke m'khola, umabwera ana atagona, ukafika pakhomo chimene ukufuna ndi mphasa basi. Nthawi imeneyo tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wongoyamba kumene kulumikiza mawu.

Lamulungu lina ndinaswera pakhomo chifukwa lole imene tinkakwera inali itafa. Nditabwera kutchalitchi ndinatambasula manja kuti ndimunyamule mwanayo. Aaa! Anathawa, n'kukadzikulunga m'chitenje cha amake, akulira ngati waona njoka. Mkazi wanga anaseka.

"Musadabwe, bambo ake mwana. Akuopa mlendo."

Iye ananena mocheza, koma ine zinandilasa pamtima. Ndinapsa mtima, ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa khola la mbuzi mpaka dzuwa kupendeka.

Chimene chinandiwawa n'chakuti inenso ndinawathawapo bambo anga. Iwo ankagwira ntchito kumigodi ku Joni. Tsiku limene anabwera, atavala jasi lalitali, sutikesi yachitsulo ili paphewa, ine ndinakalowa pansi pa nkhokwe. Anali munthu wabwino, sanandimenyepo, koma mpaka kumwalira kwawo tinkacheza ngati anthu okumana pachigayo. "Mwadzuka bwanji?" "Ndadzuka, kaya iwe?" Nkhani yathera pomwepo. Sindinafune kuti mwana wanga adzandidziwe choncho.

Kusiya geni sikukanatheka, tikanadya chiyani? Ndinayamba kufuna tinthu ting'onoting'ono toti ndizichita naye tsiku lililonse. Ndinayesa zoti tizipemphera limodzi madzulo, koma tulo tinkandiba pemphero lili pakati, ameni n'kunena mkazi wanga. Ndinayesa kumamugulira mandasi. Ankalandira mandasiwo n'kuthamanga kukadyera pamiyendo pa amake. Ine anga anali mafuta otsala m'manja.

Tsono ndinamuuza mkazi wanga kuti andisiyire ntchito imodzi yokha: kumusukusula mwana m'mawa.

"Inu, anthu adzati ndinakudyetsani mankhwala," anatero.

"Anene. Pakamwa mpawo."

Mwanayo ankadzuka msanga kale, amake akamapita kumjigo. Ndinkatunga madzi m'kapu yofiira ya pulasitiki, n'kupita naye kuseri kwa nyumba pansi pa mgwafa. Ndinkanyonyomala, iye n'kuima pakati pa mawondo anga. Madzi pachikhatho, kumaso, kuchotsa manthongo, kupukuta ndi m'munsi mwa malaya anga. Ntchito yake inali yomweyo. Masiku oyamba ankalira mpaka agalu kuuwa. Kenako anayamba kungoshoshola milomo, ndipo patapita nthawi ankadzanditenga yekha, kapu ili m'manja, ine ndikadamanga nsapato. Kangapo konse lole inandisiya chifukwa cha kapu imeneyo, ndipo sindinadandaule.

M'mawa wina m'nyengo yachisanu, madzi atagonera mumtsuko n'kuzizira ngati akuluma, ndinangomuthira kumaso. Anadumpha, n'kundimenya pabondo ndi kankhonya kake.

"Iwe! Madzi akuzizira, iwe!"

Amake anamva ali kukhitchini. Anatuluka chikuni chili m'manja. "Wati chiyani? Mwana wopanda mwambo! Ababa ako ungawanene kuti iwe? Nena kuti inu!"

Ine ndinakwinya nkhope ngati ndikugwirizana nawo, koma mumtima ndinali kuvina. Pamsika ankanditi abwana akafuna kuti ndiwatsitsire mtengo, kutchalitchi ndinali abambo, kwa apongozi ndinali akamwini. Aliyense inu, inu, inu, ataima patali. Ine bambo anga sindinawanenepo kuti iwe ngakhale ndili khanda, chifukwa pamene ndinkaphunzira kuyankhula anali pansi pa nthaka ya eni. Tsono kamwana aka kakundikalipira ngati mnzake wamasanje! Ndinasangalala, sindinama.

"Musiyeni, amake mwana, adzaphunzira akakula," ndinatero.

"Mukumuwononga inuyo. Akadzatukwana alendo, manyazi adzakhala anga."

Kuyambira tsiku limenelo, mkazi wanga akafunditsa madzi, ine ndinkawasiya dala n'kutunga a mumtsuko, kuti ndimve kukalipa kuja. Ndipo mawu ankabwera ambiri. "Iwe ababa, ndevu zikubaya." "Iwe, ugule nthochi." "Iwe, usapite lero." Ndinkakwera lole ndikuseka ndekha, anzanga n'kumafunsa ngati ndalawa kachasu m'mamawa.

Kenako kunabadwa wachiwiri, wamwamuna, ndipo nyumba yaudzu ija inayamba kudontha pamene tinkagoneka khandalo. Anzanga a geni anandiuza kuti phindu lenileni lili pokhala ku Tsangano komweko, kumagula m'minda mwenimweni, nthawi zina kudumphira tsidya la Mozambiki, n'kumangotumiza matumba. Ndinati ndipita nyengo imodzi yokha, tipeze malata. Mbatata itatha kunabwera kabichi, kabichi atatha nyemba, nyemba zitatha mbatata inali itakhwimanso. Kunyumba ndinkabwera mwa apo ndi apo, wotopa ngati bulu. Ndikadzuka, mwana anali atapita kale kosewera, apo ayi ine ndinali wonyamuka kukadali mdima. Ndinkangoti ndikadzabweranso ndidzamusukusula. Ndinkaganiza kuti mwana ali pomwepo, andidikira.

Malata tinakhoma, ana sanagone ndi njala, zimenezo sindikana. Ndikadabwerera m'mbuyo mwina ndikadapitanso, kaya. Koma zimandiwawabe mpaka lero, ndipo munthu akandiuza kuti ndinachita zaumuna ndimafuna kumulavulira.

Patapita zaka, anthu a malole awoawo anayamba kulowa m'minda, ife a matumba ochepa tinafinyidwa, ndipo ndinabwerera kunyumba kudzakhazikika. M'mawa woyamba ndinadzuka ndi changu ngati mwana wopita kuukwati. Ndinafunafuna kapu yofiira ija, n'kuipeza mudengu la gaga, chogwirira chitathyoka. Ankatungira chakudya cha nkhuku. Ndinaitsuka bwinobwino, n'kutunga madzi a mumtsuko, ozizira aja enieni. Ndinapita pansi pa mgwafa n'kumuitana mwana wanga.

Anabwera atavala yunifolomu ya sukulu, miyendo itatalika. Sanafike pamene ndinali. Anagwada chapatali, manja pamodzi.

"Wawa, ababa. Mwandiitana?"

"Bwera kuno ndikusukusule."

Anacheukira kwa amake, amene anaima pakhomo la khitchini, mchimwene wake wamng'ono uja atawagwira chitenje, akundisuzumira ndi diso limodzi. Amake anagwedeza mutu kuti apite. Anabwera, poti ndi mwana womvera, n'kuwerama patsogolo panga. Pakati pa mawondo anga sakanakwananso.

Ndinamuthira madziwo kumaso, ambiri dala, ena mpaka kulowa m'khosi. Ananjenjemera, analuma mano, mapewa anakwera. Ine ndinadikira, bondo langa lili pomwepo.

"Zikomo, ababa," anatero motsitsa mawu. "Koma musamavutike, ndimatha ndekha."

"Sakuzizira madziwa?"

"Ayi, ali bwino."

Amake anamwetulira monyadira. "Mwamuona mwana wanu? Uja munkati adzaphunzira akakula. Pano mudzi wonse umamuyamikira ulemu."

Ndinavomera kuti eya, mwamulera bwino. Ndikanati chiyani? Sakanalakwa mayi wophunzitsa mwana mwambo, ndipo ine sindikanamuuza mtsikana wa sukulu kuti andinene kuti iwe. Anthu akanati ku Tsangano ndabwerako ndi misala. Ndinangokhala chinyonyomalire.

Mwanayo anatenga kapu ija m'manja mwanga ndi manja awiri, n'kulowa nayo kukhitchini. Posakhalitsa anatuluka nayo ikufuka nthunzi. Anagwadanso, pamalo pomwe paja, patali.

"Sukusulani, ababa. Ndakufunditsirani."

Ndinasukusula. Madziwo anali ofunda bwino, ndipo ndinachedwa kuchotsa manja kumaso.