Bokosi la Levison silinatsegulidwe

Ku Mphunzi, mwamuna akamwalira, uthenga unkayamba wafika kwa a Gervazio amayi asanayambe kulira. Iwo ndiwo anali mkulu wa adzukulu: kusambitsa maliro, kutseka maso, kumanga chibwano, kuyeza manda ndi bango. Ntchito yawo yeniyeni inali kulima mbatatesi zokagulitsa pa Chimbiya, koma ulimiwo sunawatchukitse. Anthu ankawaseka kuti mizere yawo imakhota ngati njoka, manda okha ndiwo amawongoka. Iwo ankangoti, "Sekani, nonsenu mudzadutsa m'manja mwangamu."

Pa zinthu ziwiri sankanyengerera munthu. Womwalira sapita ndi litsiro, ndipo abale ake ayenera kuona nkhope, apo ayi mtima umangokhalira kuyembekezera kuti abwera.

A Gervazio sankawakonda asilikali. Ankati ndi anthu osadziwa kugwada, oyankhula ngati akukalipira ng'ombe zapangolo. Ndiye mwana wawo yekhayo wamwamuna, Levison, anakalowa usilikali womwewo. Akabwera kutchuthi, anthu pamsika wa Mayani ankamupatukira njira, ndipo kunyumba bambo ndi mwana ankachezerana mwamanyazi ngati mpongozi ndi mkamwini. A Gervazio ankamunyada mumtima, koma pakamwa panali pouma.

Levison anafera ku Congo, kokhazikitsa bata. Mtembo unabwera pa lole yobiriwira, bokosi litakutidwa ndi mbendera. A Gervazio anali atauza kale adzukulu anzawo kuti atenthetse madzi.

"Pepani bambo, bokosili sititsegula," anatero mkulu wa asilikaliwo.

"Ine ndatseka maso a ana a eni mudzi wonse uno. Lero nkhope ya wanga mundimane?"

Mkuluyo anangoyang'ana pansi, osasintha mawu. Madzi aja anazizira mumphika. Bokosi ananyamula ndi asilikali, akuponda mofanana, adzukulu ataima pambali ndi makasu awo ngati alendo pamudzi pawo pomwe. Mfuti zitalira kumanda, amayi ena anathawira m'chimanga. A Gervazio anapatsidwa mbendera yopindidwa bwino, nkuilandira osadziwa poiika. Zinawawawa kwambiri, ndipo misozi inakana kutuluka.

Potuluka kumanda, aliyense wokhudza maliro amasamba m'manja pa beseni loikidwa panjira. Asilikali, posadziwa mwambowo, analilambalala nkulunjika ku lole yawo. A Gervazio anawatsekera njira.

"Funso limodzi lokha. Mwana wanga anamusambitsa ndani?"

Kenaka anatuluka pamzere msilikali wina wachipsera patsaya, dzina lake Kizito, yemwe ankagona tenti imodzi ndi Levison.

"Ndine, bambo. Madzi anali a m'botolo langa, ochepa. Ndinapukuta pomwe ndinatha kupukuta."

"Maso?"

"Ndinatseka."

"Chibwano?"

"Ndinamanga ndi bandeji."

A Gervazio anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ntchito inagwirika, ngakhale inagwirikira kuthengo, pansi pa zipolopolo.

"Nanga iweyo, utamaliza, anakusambitsa m'manja ndani?"

Kizito anapukusa mutu. Kenaka mwamuna wamkuluyo, yunifomu ili m'thupi, analira mokweza pamaso pa mudzi wonse. Amayi omwe anathawa mfuti aja anasendera pafupi, wina nkuyambitsa nyimbo yamaliro chapansipansi.

A Gervazio ananyamula beseni okha. Anamugwira Kizito padzanja, nkumutsuka chala chimodzichimodzi, osathamanga, monga ankachitira ndi adzukulu anzawo. Asilikali enawo anavula zipewa nkuima pamzere, manja atatambasula.

Atamaliza, a Gervazio sanawasiye manja a Kizito. Anawanyamula ali onyowa choncho nkuwaika pankhope pawo, pakuti ndiwo anali omaliza kukhudza nkhope yomwe iwo sadzaionanso.

"Levison, mwana wanga," anatero, "sindinakuuzepo kuti ndinkakunyadira."

Dalaivala anali ataliza kale injini. Anaizimitsa.