Mawu Amene Achemwali Anandiphunzitsa Kumunda

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Namitambo, pamene achemwali anga a Esinala anapeka sewero loti tichite pa tsiku lotsekera sukulu. Iwo anali Sitandade 7, ine Sitandade 4, ndipo pa nzeru sindinkawafika n'komwe. Koma kunyumba zinali zitamveka kale kuti chaka chotsatira iwo sapitiriza. Abambo ankati mwana wamkazi ndiye mwini mudzi, munda wa amayi ndi wake, mwamuna adzamupeza pomwepo. Sukulu inkayenera ine, wodzapita kuchikamwini.

Achemwali sakanatha kuwayankha abambo pamaso, choncho zonse za kumtima anaziika m'sewero. Iwo anatenga mbali ya bambo woletsa mwana wake wamkazi sukulu, ndipo jekete anabwereka la abambo lomwelo, lonunkha fodya wa chingambwe. Ine ndinali mwana wamwamuna wa m'banjamo, ndipo anandipatsa mawu ochepa oti ndinene kumapeto: “Ngati mlongo wanga sapita kusukulu, inenso sindipita.” Tinkayeserera kumunda tikuthyola nandolo. “Kweza mawu, iwe,” ankatero, “amve ndi amene ali kumbuyo.”

Tsikulo, pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu, anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Achemwali ankatsokomola ngati abambo, kuyenda ngati abambo, manja a jekete akulendewera. Abambo eni ake ndiwo anaseka kuposa onse. Ine ndinanena mawu anga mokweza, anthu anaomba m'manja, ndipo mumtima ndinati basi zatheka.

M'mawa wa tsiku lotsegulira sukulu, abambo anandipatsa makope atsopano, kenako anatembenukira kwa achemwali. “Esinala, sewero lija unalitha mwanawe, koma sewero ndi sewero. Khasu lako lili kuseri.”

Achemwali sanawayang'ane abambo. Anayang'ana ine. Mawu aja ndinali nawo pakamwa, sindinaiwale ngakhale limodzi. Koma makopewo ankanunkhira bwino, ndipo abambo ndinkawaopa, choncho ndinangowerama n'kumakanda pansi ndi chala cha kuphazi. Achemwali anadikira pang'ono, kenako anandikonza kolala ya malaya. “Pita, uchedwa,” anatero.

Achemwali anakalambira m'munda umenewo, ndipo anatisiya osandikumbutsa nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi. Ndimawasowa kwambiri. Masiku ano ndikamva sewero pa wailesi lonena za mtsikana woletsedwa sukulu, anzanga amaseka bambo wouma mtimayo, ine sindiseka nawo. Ndikanawanena mawu aja m'mawa umenewo, kaya abambo akanasintha maganizo, kaya akanandikwapula, sindidziwa. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti achemwali sankandiphunzitsa mawu aja chifukwa cha anthu a pansi pa mango. Ankandikonzekeretsa m'mawa uja, ndipo ine ndinapita kusukulu osachedwa.