Tsiku limene asewere anandiveka epuloni

Loweruka lapitali mwana wanga Tadala anandikokera m'bafa n'kutseka chitseko. M'fulati yathu ya ku Croydon, kuno ku London, bafa ndi malo okhawo amene anthu awiri angakanganirane alendo osamva.

"Amayi, mukuchita chiyani?" anandifunsa monong'ona. "Amayi ake a Pita atenga kale jasi lawo. They think you don't want the wedding."

Ine kusafuna ukwati? Ine amene ndinachita kupempha mnzanga kuti tisinthane shifiti kuchipatala, n'kudzuka kusanache kukazinga nkhuku mpaka tsitsi lonse kununkha anyezi?

Kuti mumvetse mmene ndinafikira m'bafamo, tiyeni tiyambire ku Holland.

Tadala akukwatiwa chaka chino ndi mnyamata wa kumeneko, dzina lake Pita. Ndi mwana wabwino, wofatsa, wamtali moti amawerama polowa pakhomo pathu. Miyezi ingapo yapitayo makolo ake anatiitana, ine ndi bambo a Tadala, kuti tikadziwane. Ndinasoketsa chilundu chatsopano, duku lake lalikulu. M'maganizo ndinkadziona ndakhala pampando, manja pamiyendo, asewere akubwera ndi mbale zovundikira.

Tsiku lachiwiri anatikweza galimoto n'kupita nafe ku famu ina ya ng'ombe, kumene alendo odzaona dziko amaphunzitsidwa kupanga tchizi ndi kusema nsapato zamatabwa zija mumaziona pazithunzi. Titangolowa, asewere anga aakazi, akumwetulira mano onse panja, anandiveka epuloni pamwamba pa chilundu changa. Pamwamba pa duku anaikapo kaneti konga kogulitsiramo anyezi.

Ndinatsina bambo a Tadala. "Mwaona? Akutiyesa."

"Ine ndimati tabwera kudzadya," anatero iwo.

Musandiseke msanga. Kwathu ku Ntcheu, munthu amene amapatsidwa ntchito atangofika kwa eni ndi mtengwa kapena mkamwini. Amamupatsa chimanga kuti asinje, kapena khasu, eni ake n'kukhala pakhonde kuonerera ngati kumene wachokerako ndi kwa alesi. Ndiye nditaona epuloni ija ndinadziwiratu kuti nkhani ndi yomweyo. Ndinati mumtima, lero aona. Mwana wanga sanganyozeke m'dziko la eni chifukwa cha mayi wake.

Aliyense anaima pa chibeseni chake cha mkaka wofunda. Mtsikana wotiphunzitsa anathiramo timadontho tina, tinadikira, mkaka n'kugwirana ngati chambiko chokhwima. Kenako anatipatsa chida cha mipeni yondandalika, nati tidule pang'onopang'ono kuti madzi alekane ndi timibulu ta tchizi. Alendo ena, a ku Japan ndi a ku Spain, ankaseka n'kumajambulana. Ine sindinapitire kukaseka. Ndinapinda manja a bulauzi n'kuyamba kuvundula ngati ndikuphikira anthu pamaliro.

Mtsikana uja anabwera n'kundiuza kuti ndichepetseko mphamvu. Ndinaganiza kuti akundimvera chisoni chifukwa cha msinkhu, ndipo ndinawonjezera moto. Pamene anzanga ankatunga timibulu tawo tokongola n'kuika m'zikombole kuti tipsinjidwe, m'beseni mwanga munali phala. Tchizi ya banja lathu inatsika m'paipi limodzi ndi madzi.

Tinasamukira kushedi ya nsapato. Bambo wina wandevu anatenga chipika cha mtengo wauwisi, n'kuchisenga ndi chimpeni chachitali chokoledwa pabenchi mbali imodzi, kenako n'kugoba mkati ndi chitsulo chonga chipande. Mtengowo umakhala wauwisi kwambiri moti atauzira mpweya m'nsapatomo, madzi anatuluka thovu kutsogolo kwake. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinali kalikiliki kuyeza ndi maso kuti mphamvu ndiike pati.

Aliyense anapatsidwa nsapato yosemedwa kale kunja kuti agobe mkati. Asewere anaima pafupi nane, n'kugwira dzanja langa kuti andionetse kapotozedwe kake. Ndinalichotsa dzanja lawolo mwaulemu. Ndinagoba, ndinagoba, thukuta kamukamu pansi pa duku, mpaka chitsulo chinatulukira kunsi. Nditasuzumira pabowopo ndinaona simenti.

Asewere anaseka mpaka misozi. Anandikumbatira, n'kuitana amuna awo kuti atijambule tili awiri, nsapato yoboola pakati. Ndinamwetulira mmene timamwetulira kwa bwana wa pawodi, koma mkati ndinali kupsa ndi manyazi. Madzulo anatipatsa supu, buledi ndi tchizi. Ndinadikira chakudya chenicheni mpaka anatifunira tulo tabwino.

Pa sitima yobwerera ku London ndinalumbira. Ndinati akadzabwera kwathu adzaona mmene anthu oleredwa amalandirira alendo.

Loweruka asewere anabweradi, iwo ndi amuna awo ndi Pita. Bambo a Tadala, amene amayendetsa basi, anali ku ntchito mpaka madzulo, choncho bwalo lonse linali langa. Ndinawakhazika pasofa. Ndinagwada n'kuwalonjera mmodzimmodzi. Pita sindinamuyang'ane m'maso, pajatu mkamwini ndi mkamwini ngakhale atachokera kutsidya kwa nyanja. Ndinabwera ndi jagi ndi beseni n'kuwasambitsa m'manja. Ndinayala nkhuku, mpunga, nsomba, nyemba, mbale iliyonse yovundikira. Nditatha ndinatuluka chafutambuyo n'kuwatsekera chitseko, kuti adye momasuka popanda diso la mwininyumba.

Ndili kukhitchini ndinadzigomera ndekha. Ndinati ulemu ndi umenewu, osati zoveka anthu maepuloni.

Posakhalitsa asewere anatulukira atanyamula mbale, akufunsa choti athandize. Ndinawalanda mbaleyo n'kuwabweza kusofa. Anabweranso ndi matambula. Ndinawalandanso. Ulendo wina anangoima pakhomo la khitchini, manja ali lende, ine n'kuwatchinga ndi thupi ngati mlonda wa pa geti, ndikuti, "Sit, sit, please," kuti akakhale pansi. Anabwerera kusofa. Ndinati eya, ayamba kuphunzira.

Pamenepo m'pamene Tadala anandikokera m'bafa.

Anandiuza kuti asewere anafunsa Pita m'chilankhulo chawo ngati analakwa china chake ku famu kuja, ndiponso ngati banja lathu silikukondwa ndi ukwatiwu. Asewerewo anati ngati zili choncho ndi bwino akwere tramu, kasitima ka mumsewu, abwerere kuhotela, achinyamata akambirane okha zoimitsa kaye zokonzekera. 

"Famu ija anaisankha dala, amayi," anatero Tadala, Chichewa chake chikupunthwa mmene chimachitira akakwiya. "Ankaopa kuti mukangokhala patebulo muzingoyang'anana. Anati mukagwira ntchito limodzi, manja adetsedwe, musekane, you'll be family. Chithunzi chija cha nsapato anachipachika m'khitchini mwawo. Aliyense wobwera amamuonetsa kuti awa ndi amayi ake a Tadala."

Misozi inali m'maso mwa mwana wanga. Ine ndinakhala pamphepete pa bafa. Ndinachita mantha enieni, akuti ukwati wa mwanayu ungathe kugwedezeka chifukwa cha ulemu wanga.

Tsopano ndifunse inu, anzanga a ku Ilford, a ku Tottenham ndi kwina konse kumene timasonkhana Lamulungu lililonse. Ana athu akutibweretsera azipongozi a ku Poland, a ku Jamaica, a ku Ghana, a konkuno. Kodi timawalandira, kapena timawachitira chionetsero?

Chifukwa ukaganiza bwino, nkhaniyi si ya azungu okha. Ngakhale kwathu, ndani amene timamukhazika pampando wabwino n'kumutsekera chitseko? Ndi mlendo, uja tikudziwa kuti mawa apita. Wachibale timamuponyera mpeni n'kumuuza kuti tomato ali apo. Pa zinkhoswe ndi pamaliro, ubale wa amayi sumangidwa patebulo lapamwamba. Umamangidwa kuseri, kumene utsi ukutilowa m'maso, wina akunena kuti mchere wachepa, wina akuti wachuluka. Mayi amene sitinamuitane kuseriko amadziwa yekha kuti sitikumuwerengera.

Zonsezi ndimazidziwa kuyambira ndili mtsikana. Koma tikafika kunja kuno mwambo timaukumbukira theka, ndipo theka lomwe timanyamula ndi lija looneka bwino pamaso pa anthu: kugwada, jagi ya madzi, mbale zovundikira. Timafuna atione kuti ndife oleredwa. Tili kalikiliki kudzionetsa choncho, munthu amene wabwera kudzakhala m'bale wathu ali yekha pasofa, akuyang'ana khoma.

Mayi uja ku Holland anandiitanira kuseri kwawo ulendo woyamba womwe. Ine ndinaona mayeso. Atabwera kwathu anapempha yekha kulowa kuseri kwanga, kangapo konse, ine n'kumutchinga pakhomo. M'chilankhulo chake ndinamuuza kuti sali wathu. Chopweteka n'chakuti ndi m'chilankhulo changa chomwe ndinamuuza zomwezo.

Ndinatuluka m'bafa. Chingerezi chopepesera chinandithawa, ngakhale ndimachilankhula tsiku lonse kuntchito. Ndinapita kukhitchini n'kutenga nkhwani umene ndinagula kugolosale ya anthu a kwathu koma osauphika, poopa kuti ndiwo zamasamba si za alendo olemekezeka. Ndinalowa nawo pabalaza. Asewere anali atakhala m'mphepete mwa sofa, jasi pamiyendo.

Ndinakhala pafupi nawo, phewa kukhudza phewa. Ndinachotsa jasi lija n'kuika beseni pamiyendo pawo. Ndinatenga tsamba limodzi, n'kuthyola kumapeto kwa phesi, n'kukoka ulusi wake pang'onopang'ono kuti aone kasadzulidwe ka nkhwani.

Anayesa. Tsamba linang'ambika pakati. Anayesanso, timinga tija tinawabaya, anakoka dzanja n'kuliyang'ana modabwa. Ulendo wachitatu anasadzula phesi lonse n'kutsala ndi ulusi wokhawokha m'manja. Ndinayesa kudzigwira koma zinakanika, ndinaseka mpaka kutsokomola. Anandiyang'ana kaye, kenako nawonso anaphulika.

Bambo a Tadala pofika kuchokera ku ntchito anapeza asewere aamuna akusinja mtedza wotendera m'kamtondo kathu kakang'ono, atakaika pa pilo kuti a m'fulati ya pansi asadandaule. Pita anali pasinki akutsuka mapoto anga. Mkamwini m'khitchini mwanga, ine ndili pomwepo, ndipo denga silinagwe. Bambo a Tadala anaima pakhomo n'kundifunsa chapansipansi ngati ndikumva bwino m'thupi.

Nkhwani uja unatuluka ndi ulusi wambiri, wina unkakola m'mano. Tinadya tonse pamodzi, ena pasofa ena pansi, mbale pamiyendo.

Ponyamuka, asewere anandigwira manja onse awiri. Anafunsa kudzera mwa Tadala, mwamanyazi ndithu, kuti pa tsiku la chinkhoswe iwo adzakhale kuti, kwa alendo kapena kumene amayi akuphika.

"Uwauze kuti kuseri," ndinatero. "Adzalawirire. Anyezi yense ndi wawo."